Mpando wa Malemu ndi Kiyi Wachitatu

Ntchito yanga yoyamba m'mawa uliwonse ndi kukoka tebulo kulichotsa pachitseko. Kenako ndimathamangira kumpopi mzere usanatalike, chifukwa dzuwa likangokwera madzi amasiya. Ndikabwerako ndiyatse mbaula, ndiviike zovala za eni ake, zoyera pazokha, zosuluka pazokha. Pomwe ndikumaliza kukolopa, Kanyerere amakhala atadzuka ndipo wayamba kale kusaka shuga. Dzinali sanalipate pachabe mwana wangayu: zaka zitatu zokha, koma shuga ngakhale mumubise m'nsapato, mukamupeza ali momwemo. Ndimusambitse, ndimumwetse tiyi, ndichape, ndiyanike, diso lina lili kumwamba kuopa mvula. Masana ndi simbi. Chakumadzulo ndi kukapereka zosita m'makomo, mwana kumsana, mtolo pamutu. Ndipo ntchito yotsiriza, dzuwa likalowa, ndi kukankha tebulo lija kulibwezera pachitseko.

Tebulo si loko, ndikudziwa. Koma loko wanga anapita naye a Zitseko, ndipo a Zitseko anatengedwa ndi Nyumba ya Malamulo.

A Zitseko ndi bambo wowotcherera zitsulo pa shedi ya kumapeto kwa msewu wathu. Zitseko, mageti, mafelemu a mawindo. Dzina lawo lenileni palibe amene amalitchula. Ine tinadziwana chifukwa cha ovolosi. Ankabwera nayo kuti ndiwachapire, poyamba kamodzi pa sabata, kenako kawiri, mpaka tsiku lina ndinaitambasula n'kupeza ikadanunkhira sopo wanga.

"Iyitu ndi yoyera," ndinatero. "Ndinaichapa dzana."

"Ndiye muidetse kaye, amake Kanyerere," anayankha akuyang'ana kumbali, "kenako muichape."

Ine sukulu ndinaisiyira panjira mimba itaonekera, ndipo mwini mimbayo anangoti zii, mpaka lero. Mawu okoma ndinasiya kalekale kuwatsegulira khutu. Koma a Zitseko sankabwera ndi mawu okoma. Ankabwera ndi sipanala. Anakonza chogwirira cha simbi yanga, anamata mbaula imene inkataya phulusa, anamupangira Kanyerere kampando kachitsulo kamene salola munthu wina kukhalapo.

Lolemba lina masana loko anakana kutseka. Anabwera, anagwada, anamuchotsa yense, n'kusiya bowo loti dzanja la mwana n'kulowa.

"Ameneyu wafa," anatero. "Ndipo chitseko chomwechi chatha ndi chiswe. Ndikupangirani chachitsulo."

"Nanga pakadali pano ndizigona bwanji?"

"Muzikankhirapo tebulo. Masiku ochepa chabe." Anapukuta manja pa ovolosi imene ndinali nditangoichapa. "Loko watsopano amabwera ndi makiyi atatu. Wina wanu, wina wa Kanyerere akadzakula."

"Wachitatu?"

"Wachitatu ndikafunsa kwa achimwene anu Loweruka likubwerali, ngati angandilole kuti ndizisunga ine."

Umu ndi mmene anandifunsira. Kugwada kunalipo, koma ankagwadira loko. Ndinangoti, "Achimwene amamwa tiyi wa shuga wambiri, mupite mukudziwa," n'kutembenuka kuti asaone nkhope yanga.

* * *

Lachitatu lake Amayi a Mazira anandiitana ndili pa chingwe choyanikira. Amakhala khomo loyandikana ndi langa, amagulitsa mazira owiritsa, nkhani amapereka zaulere.

"Mwamva, amake Kanyerere? Phungu wathu watisiya. Akuti mtima."

"Pepani," ndinatero, ngakhale bamboyo ndinkangomuona pa zikwangwani.

"Mukupepesa ndani? Chisankho chapadera chimenecho. Inu simunachionepo, munali mwana. Phungu akafera pakati pa ulendo, zipani zonse zimakhamukira dera limodzi. Msewu uno aupala, mpopi utulutsa madzi usana wonse, masikipa aulere mpaka ena ogonera. Ine ndaitanitsa kale mathireyi ena a mazira, anthu a pamsonkhano amadya ngati dzombe. Inunso gulani makala. Malaya a akuluakulu akubwera."

Ndisaname, makala ndinagula. Thumba lathunthu.

Madzulo ake tinakhala pakhonde, wailesi yawo ili pakati pathu. Wowerenga nkhani anati chisankho chapadera sichikhalapo. Anakumbutsa anthu za lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa chisankho chapitacho: aliyense wopikisana pa mpando wa phungu amalembetsa pamodzi ndi wachiwiri wake, ndipo phungu akamwalira kapena kutula pansi udindo, wachiwiriyo amangolowa m'malo mpaka nthawi ithe. Anati dzina la wachiwiri linali pa pepala lovotera lomwe lija, pansi pa chithunzi, m'timalemba ting'onoting'ono. Tonse tinalivotera. Palibe amene analiwerenga.

Kenako anatchula dzinalo.

"Ameneyo ndiye ndani?" anafunsa Amayi a Mazira. "Nanga mazira anga ndiwatani ine?"

Dzina limenelo ndinkalisita kawiri pa sabata. Linasokedwa ndi ulusi wofiira mkati mwa kolala ya ovolosi.

* * *

A Zitseko anabwera m'mawa mwake, osadzera kumsewu. Ndinawapeza ataima pakati pa zofunda zimene ndinayanika kuseri, ngati mbava yosadziwa ntchito yake.

"Pa shedi padzaza magalimoto," ananong'ona. "Wina wanditchula kuti Olemekezeka. Ndinacheuka kuti ndione amene akubwera."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinaiwala, amake Kanyerere. Zoonadi. Nthawi ya kampeni ndinkawotcherera geti la malemu. Anatuluka, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndinalotapo kukhala phungu. Ndinati ine ndimalota makina atsopano owotcherera. Anaseka, anati ndiwe amene ndikufuna. Wachibale lamulo limakana, wochenjera ndimamuopa. Munthu woti azidikira maliro ako usasankhe wanjala. Ndinasaina ndi dzanja la girizi, ndinamaliza geti, basi."

"Ndiye mutani?"

"Ndikana. Lamulo limalola. Ine ndilibe wachiwiri, ndiye ndikakana aitanitsa chisankho chapadera, Amayi a Mazira agulitse mazira awo. Ine Loweruka ndili ndi ulendo wa kwa achimwene anu."

Ndinayang'ana manja awo, zipsera za moto mpaka m'zigongono. Ndinayang'ana maso awo ofiira, amene amachucha misozi madzulo alionse chifukwa cha kung'anima kwa chowotcherera. Mtima unkafuna kunena zina, koma pakhomo panga mtima sulamula, umangokhala nawo.

"Maso amenewo atsala ndi zaka zingati?" ndinafunsa. "Mukadzachita khungu tidzadya chikondi? Mvula ikagwa munthu amatchera chidebe, safunsa kuti mtambo wachokera kuti."

"Ine sindidziwa kuyankhula pagulu."

"Odziwa kuyankhula ayankhula zaka zonsezi, mpopi wathu ukadali wouma masana. Mukakangonena za mpopiwo, mwagwira ntchito."

"Akufuna ndinyamuke mawa, kulumbira ndi sabata yamawa. Nanga Loweruka?"

"Achimwene sathawa. Loweruka limabwera sabata iliyonse."

Mphepo inawamenya kumaso ndi chofunda chonyowa, iwo osachichotsa.

"Mukundithamangitsa, amake Kanyerere?"

"Ayi. Ndikukutumani."

* * *

Achimwene anga amagulitsa nyama mumsika, ndipo pakamwa pawo pamadula ngati chikwanje chawo. Nditawauza kuti mlendo sabwera, anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Alamu ako abwereka mipando, agula shuga. Ndiye ukuti munthuyo amafuna kukana galimoto, nyumba ndi ulemu chifukwa cha iwe?"

"Eya."

"Ndipo iwe wamukweza m'galimotomo ndi manja ako."

"Abweranso, achimwene."

"Mlongo wanga, ine ndakalambira pa nyama. Mbuzi imene yakwera lole sindinaionepo ikubwerera kukhola."

Tsiku lolumbira ndinakaonera pa kanema wa m'shopu ya ometa tsitsi, Kanyerere ali kumsana. A Zitseko anatulukira atavala suti. Thalauza linali ndi mizere iwiri pa mwendo umodzi, ndipo zala zanga zinayabwa. Amene anasita ameneyo simbi saidziwa. Anawerenga lumbiro mwapang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Anthu m'shopumo anaseka, kenako anaomba m'manja. Atatuluka panja, mkazi wina wamtali, wa magalasi, atavala zakuda, anawayandikira n'kuwakonza tayi. Dzanja sanafulumire kulichotsa.

"Mwana wa malemu ameneyo," anatero wometa. "Loya. Chipani chamupereka kuti aziwaphunzitsa kayendedwe ka m'Nyumbamo."

"A Titeko amangidwa chingwe pakhosi," anatero Kanyerere, akuloza.

Onse anaseka. Ine ndinakonza mwana kumsana n'kutuluka.

* * *

Masabata oyamba pakhomo panga panali ngati pachipatala. Anthu amene sanandipatsepo moni anayamba kundiitana kuti Mayi Phungu. Uyu akufuna ntchito ya mwana wake, uyu denga likudontha, uyu angofuna ndikawauze Olemekezeka kuti anaphunzira kalasi imodzi. Ndinkawauza kuti ine ndimachapa zovala, iwo n'kumaseka ngati ndanena nthabwala.

Mauthenga a pafoni ankabweranso. Kalembedwe kawo ndinkakadziwa, kopanda mpumiro, ngati munthu wothamangitsidwa.

"kuno bedi ndi lalikulu ndikugona mmphepete. kanyerere wadya"

"lero amavota ndinakweza dzanja mochedwa. tebulo mukukankhirabe"

Ndinkayankha ndi dzanja limodzi, lina lili pa simbi. Kenako mauthenga anayamba kutalikirana. Tsiku lina Kanyerere anatentha thupi, ndinawalembera, ndipo yankho linabwera la zilembo zazikulu ndi mipumiro yonse pamalo pake: "Olemekezeka ali pa msonkhano wa komiti. Uthenga wanu waperekedwa ku ofesi ya kudera."

Ndinapita ndi mwana kuchipatala ndekha, ndinakhala pamzere ndekha, ndipo pobwera ndinapeza zovala za eni ake zitavumbwa ndi mvula, zina zili m'matope, chifukwa panalibe wozianula. Amayi a Mazira anali atapita kumsika wakutali kukataya mazira awo asanawole. Anthu a Mayi Phungu aja nawo, ataona kuti galimoto silikuima pakhomo panga, anabwerera ku moni wawo wakale, wongokweza nsidze.

Kusungulumwa sikubwera ndi misozi ayi. Kumabwera pamene wathira tiyi n'kuzindikira kuti watsuka makapu awiri.

* * *

Achemwali awo a a Zitseko anabwera Lachisanu lina, atavala nsapato zatsopano zimene zinkawaluma. Kale ankandiitana kuti mlamu, makamaka akafuna ndiwasitire diresi la kutchalitchi mwaulere. Tsiku limeneli anaima pakhomo.

"Odi, mayi wochapa. Ndabwera kudzatenga zovala za Olemekezeka."

"Lowani, alamu."

"Pompano pali bwino." Anayang'ana bowo la loko, limene ndinatsekamo nsanza kuti mphepo isalowe. "Tisazungulire. Mlongo wanga tsopano akukhala ndi anthu. Tsiku lina adzaitanidwa ku chakudya cha nduna, mafoloko ndandanda, inu mudzagwira iti? Nanga mwanayu, atolankhani akadzafunsa kuti bambo ake ndani, tidzati chiyani?"

"Mafoloko ndimadziwa kutsuka onse. Za mwana wanga zisiyeni panja, pamodzi ndi nsapato zikukulumanizo."

Sanakwiye. Anamwetulira, ndipo kumwetulirako kunandipweteka kuposa mbama.

"Ndinamva kuti ndinu amene munamuuza kuti alandire mpando. Pa chimenecho banja lathu likuthokoza. Munachita ngati munthu wodziwa malo ake. Pitirizani choncho."

Ovolosi ndinawakaniza. Ndinati mwini wake anabwera nayo yekha, adzaitenganso yekha. Atapita ndinaichotsa pa msomali, ndinaisita, ngakhale inalibe khwinya ndi limodzi lomwe.

* * *

Sabata yotsatira foni inalira masana, manja anga ali m'thovu. Nambala yachilendo.

"Amake Kanyerere, ndine. Ndabwereka foni ya mlonda wa pageti."

"Yanu ili kuti?"

"Amasunga a ku ofesi. Akuti phungu sayankha yekha, angalonjeze zinthu."

"Mwana anadwala."



"Sanandiuze," anatero. "Ali bwanji?"

"Wachira. Dzulo wapeza shuga amene ndinabisa m'simbi."

Anaseka, inenso ndinaseka, ndipo kwa kanthawi zinali ngati ali kuseri kwa zofunda zija.

"Ndinayankhula, amake Kanyerere. Dzana. Ndinanena za mpopi, monga munandituma. Ndinasokoneza mapepala, a Sipikala anandidula ndisanamalize, a mbali inayo ankakuwa kuti geti, geti, kundinyoza ndi ntchito yanga. Koma madzulo ake amayi ena a kwathuko anaimba foni pa wailesi, akuti n'koyamba kumva msewu wawo ukutchulidwa m'Nyumba imeneyi. Nduna yandiuza kuti ndikapitiriza kuivutitsa, mapaipi alowa mu bajeti ya chaka chamawa. Ndiivutitsa. Ndimaidikirira pa masitepe."

M'mawu awo munali kanthu kamene ndinkakadziwa. Ndi mmene amamvekera akamaliza geti lalikulu n'kubwerera m'mbuyo kuti alione bwino.

"Mwayamba kuukonda mpandowo," ndinatero.

"Ndi wouma kumsana. Koma eya, mwina pang'ono. Munanena zoona."

Sindinkadziwa kuti kunena zoona kungamubwerere munthu chonchi.

"Chitseko chanu chatha," anapitiriza. "Ndinachisiya chitatsala penti ndi loko, mnzanga wa pa shedi wamaliza, abwera nacho mawa. Makiyi awiri. Wachitatu ananditumizira kale, ali m'thumba la jekete, mbali ya kumtima. Loweruka lotsiriza la mwezi uno Nyumba ikhala itapuma, ndibwera. Muwauze achimwene agulenso shuga."

"Nanga wa magalasi uja?"

"Ndani? Oo, mwana wa malemu? Amandithandiza kwambiri. Popanda iyeyo bwenzi ine..."

Mawu ena anamveka chapatali, mlonda akufuna foni yake, ndipo inaduka. Ndinatsala nditaima, thovu likuuma m'manja, ndikumalizitsa ndekha mawu awo aja m'njira zonse zoipa zimene ndikanatha.

* * *

Chitseko chinabweradi. Chachitsulo, chobiriwira, cholemera moti amuna awiri anachita kubuula pochinyamula. Chakumunsi, pa msinkhu wa mwana, anawotchererapo kanyerere kakang'ono ka waya, miyendo yonse isanu ndi umodzi. Mwini dzina anakapsompsona. Tsiku limenelo tebulo linabwerera pakati pa chipinda, ndipo ndinaliyalira nsalu. Ndinakhoma, ndinatsegula, ndinakhomanso, kungofuna kumva mmene loko akulirira.

Patangopita masiku ochepa, ndikuchokera kopereka zovala dzuwa litapendeka, ndinapeza chitsekocho chili chitsegukire. Mkati, pa mpando wanga, panakhala mkazi wa magalasi uja, chikwama pamiyendo. Pa nsalu ya tebulo panali kiyi.

"Pepani polowa mwini nyumba kulibe," anatero modekha. "Panja anthu akanandizindikira. Khalani pansi, mayi."

"M'nyumba mwanga ndimakhala pansi ndikafuna. Kiyi ameneyo mwamutenga kuti?"

"Jekete lawo ndimapita nalo ine kochapitsa. Makiyi awo onse ndimadziwa makomo ake: ofesi, galimoto, nyumba. Uyu yekha analibe khomo. Achemwali awo ndi amene anandilozera."

Ndinatsitsa Kanyerere, ndinamupatsa supuni ya shuga ndi dzanja langa kuti akhale chete, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire chake.

"Ngati mwabwera kudzandiuza kuti ndiwasiye, alamu anga anakutsogolerani kale."

Anavula magalasi. Popanda iwo anaoneka wamng'ono, wotopa, maso otupa ngati munthu amene sanapatsidwe mpata womaliza kulira maliro.

"Mwamuna wanuyo sindikumufuna," anatero. "Ndi munthu wabwino, koma tiyi amamwa mokoka ngati pampu, ndipo nkhani zake zonse zimakathera pa inu. Ine ndikufuna mpando wa bambo anga. Zoyankhula zawo ndinayamba kuwalembera ndikadali pasukulu. Dera lino ndaliyenda khomo ndi khomo. Lamulo linakana kuti ndikhale wachiwiri wawo chifukwa ndine mwana wawo, ndiye anangotola munthu wa pageti."

"Dikirani chisankho chachikulu."

"Pofika nthawi imeneyo anthu adzakhala atawazolowera, chipani sichidzawachotsa. Za mpopi mwamva. Njira ndi imodzi: atule pansi udindo. Iwo alibe wachiwiri, ndiye kukhala chisankho chapadera, ine ndiima, ndipo ndi zakuda ndavalazi ndipambana. Koma lamulo limati chikatsala chaka chimodzi kuti chisankho chachikulu chichitike, chapadera sichichitikanso, mpando umangokhala wopanda munthu. Malire ake ndi kutha kwa mwezi uno."

"Auzeni nokha. Foni yawo muli nayo, jekete lawo muli nalo."

"Ndinayesa." Anapukuta magalasi ndi nsonga ya nsalu yanga ya patebulo. "Anati amene anawatuma ndi yekhayo angawabweze."

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Kanyerere ankanyambita supuni, phokoso lake lokhalo m'chipinda monse.

"Ndikakana?"

"Amayi anga ndi achemwali a Olemekezeka anakhala kale pansi. Akuti mpando ukalephera kubwerera kwathu ndi voti, ubwerere ndi mphete. A chipani nawo akondwa nazo. Kulikulu ndi kutali, mayi, ndipo munthu wosungulumwa amazolowera dzanja limene limamupatsira tiyi. Sindikufuna kutero. Koma musaganize kuti sindingathe."

"Ndiye ine ndiwauze kuti ataye chinthu chimene chawayendetsa chowongoka, abwerere kukapsa maso pa shedi, kuti ineyo ndipeze mwamuna."

"Inu mupeze mwamuna, ine mpando, a mazira aja agulitse mazira. Palibe wolira."

"Nanga mpopi?"

"Ndidzayesa," anatero, ndipo anali ndi ulemu wokwanira kuti asandiyang'ane m'maso ponena zimenezo.

Anaimirira, anavala magalasi, n'kukhalanso wamtali. Kenako anatola kiyi uja.

"Ameneyo musiyeni," ndinatero. "Si wanu."

"Si wanunso. Abwerera m'jekete Loweruka m'mawa, ndikamva kuti tagwirizana. Yankho mulembe pa foni yawo. Ndine ndimawerenga."

Anaweramira Kanyerere n'kumusisita patsaya, anadutsa pa chitseko changa chobiriwira, n'kuchitseka bwinobwino kumbuyo kwake, ngati munthu wodziwa kusamala za eni.

* * *

Ine ndi munthu wowerengera zinthu, ndiye nditakhala pansi ndinawerengera. Uphungu wa a Zitseko wandidyera izi: thumba la makala limene ndinagulira chisankho chimene sichinabwere, Loweruka lija, pamodzi ndi shuga wa akazi a achimwene ndi nkhope ya achimwene kwa eni mipando, makomo awiri amene anasiya kundipatsa zochapa chifukwa cha zovala za m'matope, dzina loti mlamu, ndi munthu woti ndimuuze mwana akatentha thupi. Chimene ndapezapo ndi chitseko chachitsulo, cholimba kuposa zonse mumsewu uno, chimene kiyi wake ali m'chikwama cha mkazi wina.

Loweruka akubwera. Ndikati khalani pampandopo, ndawapereka ndi manja anga kachiwiri. Ndikati bwererani, abwerera, ndikudziwa, sadzandifunsa n'komwe chifukwa chake. Ndipo masana alionse ndizidzawaona akudutsa pa mpopi wouma, atavala ovolosi yosita bwino, maso ali kumbali.

Dzuwa litalowa ndinakhoma chitseko. Kenako ndinachotsa nsalu pa tebulo, ndinaipinda, n'kuyamba kulikoka.

"Amayi, chitseko chafanso?" anafunsa Kanyerere.

"Ayi, chili moyo," ndinatero. "Gwira mwendo uwo, tikankhe."